Zimene Abusa Anaona pa Tivi ya Neba Wanga

Nditatsegula shopu yometera ku Matero ndinagula tivi yaikulu, ya mtundu umene umalandira kanema kuchokera pa foni popanda waya. Ndinkatsegula mpira pa foni, n'kudina kachizindikiro, mpirawo n'kuoneka pa tivi. Loweruka anthu ankadzaza mpaka pakhonde, ndipo ambiri ankameta.

Khomo loyandikana ndi langa linali la wometa mnzanga, dikoni wa mpingo wina wa Pentekosite. Tonse tinkagwiritsa ntchito waifai ya mwininyumba. Naye anagula tivi ngati yanga.

Kenako zinthu zinayamba kusokonekera. Wosewera akangoika mpira pansi kuti amenye penate, tivi yanga inkasintha yokha n'kuyamba kuonetsa makatuni a ana. Anthu ankatukwana n'kuthamangira kwa neba.

"Ba neba, vinthu votchipa ni mavuto," ankatero dikoniyo, akusesa tsitsi la makasitomala anga.

Okonza anati tiviyo ilibe vuto. Tsiku lina ndinasiya makina ometera, n'kuima pafupi nayo. Makatuni asanayambe, pakona panadutsa timawu tosonyeza foni imene yalumikizana nayo. Linali dzina la shopu ya dikoni uja.

Sindinakamufunse. Ndinafufuza pa limoti mpaka ndinapeza potsekera, kuti foni yachilendo izipempha kaye chilolezo. Tivi yake anaisiya chitsegulire, ndipo inkaoneka bwinobwino pa foni yanga. Ndinkaiyang'ana tsiku lililonse, mtima ukuwira.

Kasitomala wina woyendetsa minibasi anali atanditumizirapo kanema: dikoni ali m'bala ku Chawama, malaya atavula, botolo lili pamutu, akuvina ndi mayi amene sanali mkazi wake. Ndinaganiza zoponya kanemayo pa tivi yake, koma tsiku la mpira sindinalifune. Ndinkafuna abusa ake, amene ankameta kwa iye Lachisanu masana.

Lachisanu anabwera, limodzi ndi akulu ena a mpingo. Nditamva makina akulira kuseri kwa khoma, ndinatsegula kanema uja n'kudina dzina la tivi yake.

Nyimbo ya m'bala inamveka mpaka kumsewu. Makina anazima.

"Ba dikoni, uyu si imwe?" anali mawu a abusa.

"Ni adani, ba pasita! Vamafoni ivi vimanama!"

"Koma mimba iyi ni yanu."

Ndinamva benchi ikugwa pamene dikoni ankathamangira kukazula pulagi. Posakhalitsa abusa analowa kwa ine, nsalu ikadali m'khosi, n'kukhala pampando. "Malizani," anatero. Ndinawameta modekha, mluzu uli pakamwa.

Udikoni anamuchotsa. Mkazi wake anapita kwawo ku Chipata, ndipo anabwerako mvula itatha. Mwininyumba atamva nkhaniyi anadula waifai, nati aliyense azidzionera yekha.

Mkazi wanga amati ndinapitirira muyeso, chifukwa banja la eni silinandilakwire. Mwina. Koma nebayo akadali khomo lomwelo, sitipatsana moni, ndipo kanemayo sindinamufufute.