Galimoto Imene Ndinaiyeza ndi Msana

Galimoto ija ndinaisankha ine, ndipo ndinaisankha chogona. Ogulitsa magalimoto akale kuyambira ku Primrose mpaka ku Boksburg ayenera kuti amandikumbukabe. Ndinkafika osafunsa za injini kapena za matayala, n'kuwauza kuti apinde mpando wakumbuyo, kenako n'kuvula nsapato n'kugona chagada m'buti.

Sikuti mutu unali utazungulira ayi. Ndinkayeza malo a ababa. Bambo anga anabwera kuno ku Joni kudzagwira ntchito m'migodi ine ndili kumsana, n'kutchona. Pamene ndinawalondola ndili mayi kale, ndinawapeza m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ku KwaThema, migodi itawasiyira chifuwa ndi msana wosalola kukhala tsonga. Ulaliki ukatalika pang'ono ankatuluka kukagona pa benchi panja. Ndiye basi ya kumudzi, yokhala chikhalire usana ndi usiku, ikanawapha tisanafike n'kumalire komwe. Za ndege sitinkazitchula n'komwe.

Kwathu ku Ntcheu kunatsala mlongo wawo mmodzi, azakhali anga, ndipo nthawi zonse pa foni ankafunsa funso lomwelomwelo: “Achimwene, kodi tidzaonana kumanda?” Tsiku lina atadula foni, ababa anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwana wanga, ndikufuna ndikamuone mlongo wanga ndikadali ndi maso.” Munthu amene sanandipemphepo ngakhale sopo anandipempha chinthu chimodzi chokhacho.

Amuna anga amalondera nyumba zosungira katundu ku Jet Park, ndipo tchuthi amawapatsa mu Disembala mokha. Laisensi anali nayo. Tindalama tathu tinali tochepa, tambiri mwa ito tochokera m'manja mwangamu, mokolopa ndi kusita m'nyumba za anthu. Iwo mtima unali pa kagalimoto kena kofiira, kofupika, konyezimira, koti tikaima pamsika kwathu anthu aziti machona afika. Ine ndinkafuna siteshoni wagoni, zazitali kumbuyo zija. Tinakangana mpaka mayi mwini nyumba anagogoda pakhoma.

“Amayi, inu mukufuna tigule ambulasi?” anatero amuna anga.

“Eya, ambulasi. Kofiirako ababa tikawapinda ngati bulangete?”

Loweruka lililonse tinkayenda. Zina zinali zokongola koma mpando ukapinda pamatsala chitunda pakati, chokubaya pamsana penipeni. Zina zinali zazifupi, miyendo n'kumalendewera panja. Ababa anali aatali kundiposa, choncho ndikagona ndinkatambasulanso dzanja kumutu kuti ndiwonjezere. Mnyamata wina wogulitsa anaseka mpaka kugwira bondo, n'kundifunsa m'Chizulu kuti ndikutani. “Hawu, mama, wenzani? Iyi si hotela!” Amuna anga ankachita manyazi n'kumayang'ana kumsewu ngati sakundidziwa.

Pomaliza tinaipeza. Inali yoyera kalekale, chitseko chimodzi chamtundu wina, wailesi yakufa, m'kati mukununkha agalu. Koma kumbuyo kunali see ngati mphasa, ndipo mpando unkapindika mbali imodzi, kusiya malo oti mwana wathu wamkazi akhale pambali pa agogo ake. Makanika wina wa ku Mozambiki, woyandikana nafe nyumba, anamvetsera injini, n'kukwawira pansi, n'kutuluka akupukuta manja. “Ikafika ndi kubwerako,” anatero, “bola musaisenzetse ngati bulu.” Amuna anga anagwedeza mutu kuvomera. Ndinawaona ndi maso angawa.

Ndinadula matilesi molingana ndi malowo, n'kusoka timakatani ta m'mawindo. Lamlungu lina tinakawatenga ababa kupita nawo kutchalitchi kwathu kwa Amalawi, atagona bwinobwino, chipewa chili pachifuwa. Njira yonse ankaseka. “Ayikona, ine lero ndine bwana!” Sindinawaonepo atasangalala choncho.

Tsiku lomwelo ndi limene zinthu zinaonongeka. Nthawi ya zolengeza amuna anga anaimirira, jekete atamanga mabatani, n'kupempha mpingo utipempherere chifukwa Ambuye atidalitsa ndi galimoto ndipo pa Khirisimasi tikupita kumudzi. Kuuza Amalawi a ku Joni kuti ukupita kumudzi pa galimoto yako n'chimodzimodzi kuthira shuga pauna wa nyerere. Ameni asanathe, anthu anali atazungulira kale galimoto, akusuzumira m'buti.

Mwambo wake ndi wakale ndipo ndimaudziwa. Wopita kumudzi amanyamulirako anzake. Koma ine ndinawachenjeza amuna anga poyera kuti kumbuyoko kuli mwini wake, tinganyamule timaphukusi tokwana pamiyendo basi. Iwo anati ndisade nkhawa, alankhula nawo. Kulankhula kwake kunali kotani? Mkulu wa mpingo akabwera ndi chigubu cha mafuta ophikira, iwo, “Palibe vuto, abambo.” Mayi wa kwaya akabwera ndi chikwama chachikulu ngati ng'ombe n'kumati ndi kakatundu chabe, iwo, “Tiona pochita, amayi.” Zonsezo ankazilandira ine ndili kuntchito, n'kumakazisungitsa kwa mnzawo kuti ndisazione. Akuluakulu sananame, manyazi anapha lambe.

Tsiku la ulendo ndinalawirira pa takisi kupita ku KwaThema kukawakonzekeretsa ababa, amuna anga atanena kuti atipeza komweko. Ndinapeza atavala kale suti yawo yakuda, ndodo ili m'manja, kachikwama kali pamwendo. M'kachikwamamo munali mankhwala ndi nsalu ya mlongo wawo. Tinakhala pakhomo kudikira.

Galimoto inatulukira pakona ikukwawa, kumbuyo kukuchita kununkhiza msewu. M'kati munali zigubu, mabulangete, mapoto, mbaula, mpaka kudenga. Pamwamba anamangirira njinga, ndipo pansi pa njingayo ndinaona matilesi a ababa atapindidwa pakati. Pambuyo pake pankabwera kagulu ka anthu a kutchalitchi, ati kudzatiperekeza. Ankaperekeza katundu wawo.

Sindinafunse munthu. Ndinatsegula kumbuyo n'kuyamba kuponya zinthu pamsewu. Chigubu china chinagubuduka mpaka m'ngalande. Amuna anga ankandigwira mkono akunong'ona, “Amayi, anthu akuona. Ababa akhala kutsogolo, mpando tiugoneka pang'ono.”

“Pang'ono? Mpaka ku Ntcheu? Inu munagonapo m'mabuti angati kuti mudziwe?”

Mayi wa kwaya uja anaika manja m'chiuno. “Eish, koma asisi, galimoto yomweyi mwayamba kale kutukumuka? Tonse tili ndi abale kumudzi.” Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo sindinawabweze mpaka lero.

Amene anandiletsa ndi ababa. Anaimirira movutika, n'kugogoda ndodo pansi. “Iwe, bweza katundu wa anthu.” Ndinati ababa, malowa ndi anu, ndinawayeza ndekha. Iwo anati, “Madiresi onse unavala uli mwana anabwera m'masutikesi a anthu ena. Panalibe anandikanirapo. Lero anthu atole katundu wawo m'ngalande chifukwa cha ine? Kupatsa n'kuika, mwana wanga. Pitani, ine ndidzapita pa Pasaka.”

Mwana sangakangane ndi bambo ake pamaso pa anthu. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa gulu lonselo panalibe ngakhale mmodzi amene anati, ayi madala, changachi chitsale. Ena anangotola zikwama zawo n'kumazibwezera okha m'galimoto. Ababa analowa m'kachipinda kawo, n'kuvula suti, n'kuipachika pamsomali.

Ine ndinakana kukwera. Amuna anga anapita ndi mwana, ine ndinadya Khirisimasi ku KwaThema ndi ababa. Azakhali ataimba foni, ababa anawauza kuti msana wavuta pang'ono. Sanatchule za zigubu.

Galimoto inabwerako mu Januwale ikukokedwa, masipuling'i akumbuyo atathyoka. Makanika uja anangoyang'ana n'kupukusa mutu. Tinaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba kudikira kuti tipeze zokonzetsera, ndipo mwa onse amene katundu wawo anafika bwino kumudzi palibe anabwera kudzafunsa kuti yatani. Pasaka asanafike, chifuwa chija chinawatenga ababa.

Ndisaname, mpingo unasonkha, ndipo unatithandiza kupeza minibasi yokoka ngolo yonyamula bokosi. Anaimba bwino kwambiri. Koma m'mawa wonyamuka, tikukweza bokosi, mayi wa kwaya uja anandiyandikira maso ali ofiira ndi kulira, chikwama chili m'manja. “Pepani asisi, mwaferedwa. Koma poti m'ngolomo mwatsala malo pambali, mungandiperekereko aka kwa amayi anga?” Nditacheuka ndinaona enanso ataima pamzere, aliyense ndi kake.

Ndinafuna kumulavulira, koma ndinkadziwa zimene mwini ulendo akanalamula. Ndinangolowa m'minibasi n'kutseka chitseko, ndipo amuna anga analandira zonse monga mwa masiku onse.

Titafika kwathu tinapeza azakhali atakhala pamphasa pabwalo, atadikira kuyambira dzulo lake. Atangoona ngolo anadzuka n'kuyamba kuitana, “Achimwene! Achimwene!” Anyamata anatsegula kuti atulutse bokosi, koma silinkatheka kusuntha. Linali litapanikizika ndi zigubu, mabulangete ndi mapoto mbali zonse. Tinayamba tatsitsa katundu wa anthu, ababa akudikira.