Lenworth Adikira Mpweya wa Ossie

Lenworth amagulitsa supu wa mapazi a nkhuku pakona ya msika, kumunsi kwa Kingston. Odutsa amangomudziwa ngati mdala wa kangolo. Koma kale, ridimu ina, zoimbira zokhazokha zopanda mawu, itagwedeza mzinda wonse, iye anali mmodzi mwa oyimba ambirimbiri amene anaikapo mawu awo. Ng'oma ndi besi zinali zomwezo, osinthana anali oyimba okha. Lenworth anayimbapo ndi mnzake Ossie: Ossie ankanyoza atsikana a m'tauni, iye n'kumawaikira kumbuyo. Ossie anamwalira chaka chatha. Lenworth anapita kumaliro, anadya, n'kubwerera ku mphika wake.

Masana ena kunafika Winsome, mwini wa zimasipika zimene zimapikisana ndi za magulu ena m'madansi.

"Madala, muyimbenso nyimbo ija, koma mutchulemo dzina la gulu langa. Loweruka tikukaswana ndi anyamata a ku Spanish Town. Mawu alipobe, kapena anapserera mu supu?"

"Mawu sathawa, mwana wanga. Amathawa ndi mano."

Ku situdiyo anamuveka mahedifoni. Ridimu inayamba, yopanda munthu. Lenworth anatsegula pakamwa, polowera n'kumudutsa. Wojambula anaibweza. Lenworth anachedwanso.

"Mwaiwala mawu?" anafunsa Winsome.

"Ndili nawo onse."

Chibadwire iye sanawerengepo ng'oma. Ankangodikira Ossie amalize mzere wake, akoke mpweya, iye n'kugwera pomwepo.

"Zikakanika nditenga wina, madala. Munalipo ambiri pa ridimu imeneyi."

Lenworth anadziwa kuti akatuluka chonchi, palibenso adzamuitane kuyimba.

"Ndiikireni Ossie m'makutu. Koma musamujambule."

Wojambula anafukula chimbale chakale cha nyimbo ija. Ossie anatulukira m'mahedifoni ali mnyamata, mwano uli thothotho. Lenworth anayembekeza kuti chisoni chimugwira. Sichinabwere. Anangoona kuti khoma la situdiyo analipaka utoto wina. Ossie anakoka mpweya, Lenworth n'kulowa pake penipeni, mpaka kumapeto osaphonya.

Atamvetsera nyimbo yatsopanoyo, munali Lenworth yekha, akuyankha munthu wosamveka. Pakati pa mizere yake ng'oma zinkangoyenda zokha.

"Yaphedwa imeneyi," anatero Winsome. "Nanga mipatayi tiikemo ndani?"

"Isiyeni choncho," anayankha Lenworth, akufunafuna chipewa chake.