Lezala ya Alamu Anga

Lezala ija alamu anga anaimanga pansonga ya chitenje, ndipo sanabise. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zinayi koma osatulutsa mawu, kumangoloza ndi chala. Alamuwo, achemwali aakulu a amuna anga, anachoka ku Vinthukutu atagamula kale: lilime la mwana ndi lomangika, kamnofu ka pansi pake kadulidwe.

Ine wa ku Ntcheu, wongobwera pa Uliwa ndi ntchito ya ukalaliki, ndikanati chiyani? Kuno mwana ndi wa kuchimuna, ng'ombe za malowolo zinapita kalekale. Amuna anga pafoni anangoti, "Amvereni, ndi akulu." Ndinadula foniyo.

Ndinapempha chimodzi chokha, kuti tipite kaye kusukulu yamkaka kumene mwanayo ankaphunzira. Tsiku limenelo kunkabwera mayi wina wa kuchipatala, wothandiza ana ovutika kulankhula. Alamu anavomera monyinyirika, lezala ili pomwepo.

Ine ndinkayembekeza makina. Mayiyo anangotulutsa botolo la chiponde n'kukhala pamkeka ndi ana onse, olankhula ndi osalankhula omwe. Aliyense anamupaka chiponde pamlomo wam'mwamba kuti anyambite. Kalasi yonse inali phwete, ndipo wanga anatulutsa lilime mpaka kufuna kukhudza mphuno.

"Mwaliona, amayi? Lilime lomangika silifika pamenepo," anatero mayiyo.

"Sono chifukwa wuli wakuyowoya yayi?" anafunsa alamu m'Chitumbuka, kutanthauza kuti nanga bwanji salankhula.

"Sindinadziwebe. Tiyamba tamuyeza makutu. Koma lezala ingomupatsa bala basi."

Kenako anaphunzitsa ana onse kulankhula ndi manja, kuti wanga akafuna chinthu anzake azimumva. Chizindikiro cha madzi, cha chakudya, ndi cha kukana: kukweza chikhatho ngati wapolisi woimitsa minibasi. Ana anachikonda chimenecho, anakanirana mpaka nthawi yoweruka.

Alamu sanaseke. Panjira anangoti chiponde si mankhwala.

Titafika kunyumba ndinalowa kukatenga madzi akumwa. Potuluka ndinapeza alamu atamukhazika mwana pamiyendo, mfundo ya chitenje atamasula, akumufinya masaya kuti ayasamule. Ndinangoima pakhomo, ine amene ku ofesi amandinena kuti ndine wapakamwa.

Mwanayo anasolola dzanja lake n'kuimika chikhatho pamaso pawo penipeni.

"Akutani ameneyu?" anafunsa alamu.

"Akuti ayi, alamu," ndinayankha. "Akulankhula nanu."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamutsitsa pansi. Ndinkati mwanayo athawira kwa ine, koma sanasunthe. Anaima pomwepo, kadzanja kali m'mwamba, mpaka lezala itabwerera m'chitenje.