Mchere wa ku Limbe

Nsapatozo zinali zakuda, za mwana wa aphunzitsi. Amayi anachita kukabwereka kuti ndivale pa ulendo wa ku Limbe. Zinandikulira, ndiye malume anatsenderamo mapepala kutsogolo. Ndinali ndisanavalepo nsapato. Ndinkayeserera kuyenda nazo kuseri kwa nkhokwe, kudzandira ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Chinali chilimwe chimene anzawo a bambo anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni. Anatsika sitima pa Sharpevale ndi mabulangete ndi mawailesi, wina ndi njinga yonyezimira. Bambo sanatsike. Pabwalo tinali titasesa, nyumba amayi atazira. Sitima ina inadutsa, inanso inadutsa. Ine mtima unachoka pamalo. Ikangolira kumbali ya ku Balaka ndinkatuluka m'kalasi osatsanzika, liwiro la kusiteshoni. Aphunzitsi anandikwapula kangapo. "Iwe, sitimayo ndiye bambo ako?" Anzanga ankaseka. Mawa lake ndinkathawanso.

Anthu anali atayamba kusosa m'minda. Wathu unali chikhalire. Amayi ankagwira khasu, kulima pang'ono, n'kuima kuyang'ana kunjanji. Dzuwa la kuchigwa kwathu silisewera, koma iwo ankaima choncho osapukuta ndi thukuta lomwe.

Nkhani inatulukira pamowa. Mmodzi mwa obwera aja anauza malume kuti bambo sali ku Joni. Anabwerera limodzi, koma iwo anatsalira ku Limbe, akukweza katundu pasitolo ya mmwenye. Malume anafika kwathu nkhope ili gwa. "Tikamtenge. Mwanayu apite nawo, akamuyang'ane m'maso." Ine ndinavina. Lero ndikudziwa kuti ananditenga ngati nyambo. Sindiwada. Mvula inali pafupi, munda unkafuna mwamuna.

M'sitima munali fungo la nsomba zouma ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Mabenchi anali olimba. Sindinakhale pansi. Ndinakakamira pawindo, fumbi likundilowa m'maso, mitengo ikuthamangira kwathu ife tikuthawa. Pa Balaka amayi anandigulira nzimbe kudzera pawindo, iwo sanadye kanthu. Powoloka Shire ndinatseka maso. Malume ankangotembenuza chipewa m'manja, kuyankhula okha mawu amene ankati akauze mlamu wawo.

Limbe anandisokoneza mutu. Magalimoto, mabelu a njinga, fungo la fodya ndi dizilo. Ndinayamba kupereka moni kwa aliyense wokumana naye mpaka malume anandikoka khutu. "Kuno sapatsana moni, udzauma kukhosi." Ndinaona munthu wamkulu, wa tayi, akudya chimanga chootcha akuyenda. Kwathu wotero tikanati sanalangidwe. Masiku ano adzukulu anga amadya tchipisi m'pepala ali chiimire pamsewu, ndipo ndikawadzudzula amandiseka. Ndinasiya.

Tinagona kwa munthu wakwathu. M'mawa anatilozera sitoloyo.

Bambo ndinawazindikira ndi kayendedwe. Anali atanenepa, wotchi padzanja. Atationa anatsitsa thumba limene anasenza, n'kuima. Kenaka anabwera, kundigwira pamutu. "Wakula." Mawu awo anali omwewo. Ndinadikira kuti atitengere kunyumba kwawo, koma iwo anati, "Mwayenda ulendo wautali. Tiyeni tikadye kaye."

Aka kanali koyamba kulowa m'lesitilanti. Matebulo anali oyala pulasitiki wa maluwa, mipando yokwanira aliyense. Amayi anazengereza. Anali asanakhalepo pampando pamaso pa achimwene awo, ndiye anangokhala m'mphepete ngati pampandopo pali moto. Chakudya anabweretsa ndi mwamuna, mwamuna wa ndevu zake, atamanga nsalu yoyera m'chiuno. Ndinamuyang'ana mpaka kukamwa yasa. Anandiikira mbale yangayanga. Mpunga woyera, nyama ya ng'ombe zidutswa zikuluzikulu, msuzi wofiira wa mafuta, supuni pambali. Kwathu mpunga tinkauona pa Khirisimasi, ndipo mbale imodzi tinkalimbirana ana onse.

"Alamu, mukukhalira kuti?" anafunsa malume.

"Tidye kaye, alamu. Nkhani sithawa."

Ndinalawa supuni imodzi. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaumva msuzi umenewo. Ndadya m'malo ambiri pa moyo wanga, ndi ndalama za thukuta langa, koma sindinaupezenso.

Bambo analawa wawo n'kugwedeza mutu. "Anthu a kuno amaumira mchere." Patebulo panali kabotolo koboola pachivundikiro. Anakatenga, kuwaza m'mbale mwawo, kenaka anatambasula dzanja n'kuwaza m'mbale mwanga. Ndinakondwa. Bambo anga, kundithirira mchere ngati bwana.

Supuni isanafike pakamwa, amayi anandigwira pamkono. Anagwira zolimba, zikhadabo zinalowa.

Sanakweze mawu. Amayi sankakweza mawu. "Inu bambo a mwanayu. Ngati manja anuwo ali bwino, nenani pamaso pa achimwene angawa kuti mwanayu adye. Mukanena, adya."

Wailesi inkaimba pakauntala. Patebulo lina anthu ankaseka zawo. Ine ndinayang'ana bambo, kudikira mawu amodzi okha. Anayang'ana mbaleyo, anayang'ana ine. Kenaka anatambasula dzanja lomwe lija, kukoka mbale yanga pang'onopang'ono mpaka kumbali kwawo, n'kuivundikira ndi mbale ina.

Malume anavala chipewa. Mawu onse amene anakonza m'sitima muja sananene ndi limodzi lomwe. Amayi anamanga bwino chitenje n'kundidzutsa. Bambo anatsala atakhala, manja ali pamaondo.

Ine ndine mkhristu, ndipo ndakhalapo mkulu wa mpingo. Za tsempho musandifunse ngati n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti makolo anga onse awiri ankakhulupirira kuti munthu amene wagona kwina akathira mchere m'chakudya cha mwana wake, mwanayo amatupa, kutsokomola, n'kupita. Bambo akanatha kunama. Amuna ambiri ananama, ndipo ena ndimawadziwa.

Munda chaka chimenecho tinalima ndi malume, mochedwa. Bambo sanabwerenso kudzakhala kwathu.

Koma m'sitima yobwerera zonsezi ndinalibe nazo ntchito. Ndinakhala kuwapatsa msana amayi, osayankha ngakhale andiitane. Anandigulira mandasi pa Balaka, ndinakana. Ndinkati andichititsa manyazi ndi zakumudzi zawo pamaso pa anthu a m'tauni. Bambo ndiye ndinawakwiyira koposa. Ndinkafunsa malume, kufunsanso, mpaka anandikalipira: munthu wamkulu, wokhala ndi mbale yakeyake yodzaza, walandiranji mpunga wa mwana?