Tebulo Lopanda Msomali

A Telala ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi. Ndi mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo ulusi amalowetsabe m'singano popanda magalasi.

M'nyumba ya khonsolo analowamo ali ndi mwana kumsana. Zipinda ziwiri, ndi khitchini yoti ukatembenuka wagunda khoma. Nyumba zimenezi khonsolo imapereka kwa anthu opeza movutikira, ndipo malamulo ake ndi osavuta kumva: usagumule kalikonse, usakhome misomali m'khoma, ukamachoka usiye mopanda kanthu. Ana onse anakulira mmenemo. Amuna awo, omwe anali kalipentala, anamwalirira mmenemo. A Telala anangopitiriza kupalasa makina osokera: mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, zigamba za maovololo. Anapeza malo kunja kwa tauni n'kumamanga pang'onopang'ono, chaka chino njerwa, chaka chinacho malata. Nyumba itatha anapita okha ku ofesi ya khonsolo kukanena kuti akutuluka. Palibe amene anawathamangitsa.

Tsiku losamuka lole inafika m'mawa. Mkamwini wawo, makaniko, mwamuna wa mwana wawo woyamba, ndiye ankatsogolera zonyamula. Bedi, mipando, makina osokera, matumba a zidutswa za nsalu, zonse zinakwera. Linatsala tebulo lodulirapo nsalu.

Tebulolo malemu analipangira m'chipinda momwemo, lalitali kuposa bedi, lolemera ngati ng'ombe. Mkamwini ndi dalaivala wa lole analipendeketsa, analiimika, analizondotsa miyendo m'mwamba. Pakhomo silinadutse. Pazenera panali zitsulo za khonsolo.

Dzuwa litafika paliwombo anabwera mayi wa ku khonsolo, wachitsikana ndithu, waulemu wake.

"Amayi, makiyi ndibwerera nawo lero," anatero. "Mawa mukulowa banja lina. Chimene chatsala m'nyumba anyamata athu amaphwanya n'kukataya. Pepani, lamulo si langa."

Mkamwini anatenga hamala n'kuyamba kufufuza misomali yoti azule. Anazungulira tebulo lonse, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, msomali palibe ngakhale umodzi. Apongozi anamata ndi guluu. Apa n'kudula miyendo basi, kumeneko ndikalumikiza ndi zitsulo."

"Kapena lisiyeni, mayi," anatero dalaivala. "Nyumba yatsopano, tebulo latsopano."

"Inu a dalaivala," anatero a Telala, "ndakuitanirani lole. Pakamwa ndili napo panga."

Mwana wawo uja anayesa naye. "Amayi, ndi matabwa chabe."

"Matabwa amenewa ndi amene anakupititsa kusukulu."

Mkamwini anali atatenga kale sowo. A Telala anayang'ana sowoyo, n'kuyang'ana miyendo ya tebulo. Tebulo lodulidwa miyendo limagwedera, ndipo pa tebulo logwedera sizasi imapotoza nsalu. Kulidula kunali chimodzimodzi ndi kulisiya.

"Akamwini, sowoyo iikeni pansi. Mwati msomali palibe?"

"Palibe, amayi."

"Guluuyo mwamuona?"

"Guluu saoneka."

"Bambo ake a uyu ankadana naye guluu. Ankati amanunkha ngati chikopa chowola."

Atanena zimenezi anakumbukira tsiku limene tebulo linkapangidwa. Utuchi unali mbwee m'nyumba monse, iwo akukalipa kuti ana apuma fumbi. Malemu, pensulo ili kukhutu, anangoti, "Nyumba ya eni sumeramo mizu. Tsiku lina tidzatuluka muno, ndipo ili lidzatuluka nafe." Iwo anaseka. Nthawi imeneyo ngakhale njerwa imodzi analibe.

A Telala anagwada, mawondo akulira, n'kulowa kunsi kwa tebulo. Anapapasa ndi zala, zala zozolowera kupeza msoko pa nsalu yakuda. Pamene mwendo unakumana ndi thabwa lopingasa panali timitu tozungulira, tokwiririka ndi vanishi ndi fumbi. Zinali zikhomo zamtengo.

"Ndipatseni hamala ndi kachitsulo kosongoka."

"Amayi, tulukani ndichite ine."

"Inu mumenya ngati mukumasula tayala. Bweretsani kuno."

Anagogoda pang'onopang'ono kuchokera mkati. Choyamba chinakana, kenako chinasuntha, n'kugwera pa simenti. Chachiwiri sichinavute. Mwendo unatsomphoka wokha ngati dzino la mwana. Mkamwini anagwira thabwa lapamwamba, dalaivala anagwira mbali inayo, mwana wawo akutola zikhomo. Posakhalitsa tebulo linali mulu wa matabwa, lililonse lili ndi chizindikiro cha pensulo chosonyeza pamene limalowa.

"Apongozi anga anali mfiti ya matabwa," anatero mkamwini, akutembenuza chikhomo m'manja.

"Anali kalipentala. Vuto lanu amakaniko, chopanda bawuti mumati n'chomata."

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Matabwa anatuluka pakhomo limodzilimodzi, osakhudza ndi felemu yomwe.

A Telala anasesa zipinda zonse, anakolopa. Mayi wa ku khonsolo anayendera makoma ndi chikhatho.

"Kwina timapeza khoma lili ngati sefa," anatero. "Muno mulibe bowo."

"Munati tisakhome, sitinakhome. Olowa mawawo muwauze kuti mpopi wa kukhitchini azitseka mofatsa, ukaukakamiza umadontha. Chitseko chakuseri chimafuna bondo."

Anapereka makiyi. Oyandikana nawo anaima m'makhonde, ena akugwetsa misozi. A Telala anawauza kuti aleke, sakupita kumanda. Wofuna kusoketsa akwere basi, akatsike pomwe phula lathera, akafunse nyumba ya chitseko chobiriwira. Zikhomo anazimanga pa kansalu n'kuziika m'thumba la diresi. Anakwera kutsogolo kwa lole, n'kumuuza dalaivala kuti m'mabampu aziyenda ngati wanyamula mazira.

Pano akukhala m'nyumba yawoyawo. Madzi sanalowebe, amatunga kwa oyandikana nawo, ndipo chipinda chimodzi chilibe pulasitala. Tebulo lili m'chipinda chakutsogolo, pafupi ndi zenera. Siligwedera. Mwezi uno akudulirapo mayunifolomu.