Mzati Wotuwa wa ku Gresik

Nditabwerako ku Rotterdam, kudziko la azungu, amalume anandipezera ntchito pakampani yogawa zigubu za madzi akumwa kuno ku Surabaya. Mumtima ndinati ndikhalapo miyezi yowerengeka, kenako ndiona kolowera. Anandikhazika moyandikana ndi mayi Sulastri.

Mayiwa analowa pakampaniyi akadali mtsikana, malole ali awiri okha. Anayamba ndi kutayipa makalata. Makompyuta atabwera anadziphunzitsa okha, uku akulera ana atatu. Ntchito yawo yaikulu inali tchati cha msonkhano wa Lolemba: mizati isanu ndi inayi, uliwonse woimira depoti imodzi yotumizirako madzi, kutalika kwake kusonyeza maulendo amene madzi anafika mochedwa. Bwana Handoko sankawerenga manambala, ankangoyang'ana mitundu. Mzati ukafiira kachitatu, mkulu wa depotiyo ankachotsedwa paudindo.

Chinandinyansa n'chakuti mayi Sulastri ankapaka mitunduyo pamanja, mzati umodziumodzi.

"Amayi, pulogalamuyi imatha kupaka yokha," ndinatero. "Timangoipatsa lamulo: maulendo ochedwa akaposa khumi pa zana lililonse, mzati ufiire."

"Mzungu wathu wayambapo," anatero osandiyang'ana, akumasula mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi. "Idya kaye. Kumeneko ankakudyetsa manambala? Taona makosiwo."

Sindinamve. Ndinakawauza bwana, iwo n'kukondwa, n'kunena kuti adzaona Lolemba. Lachisanu masana ndinaika lamulolo, mizati yonse n'kusintha nthawi imodzi. Wa ku Gresik, depoti ya bambo Wiryo, umene unali wotuwa, unafiira psuu.

Mayi Sulastri anavula magalasi.

"Wautani wa bambo Wiryo?"

"Si ine, amayi. Maulendo awo ochedwa ndi khumi ndi asanu ndi anayi pa zana."

"Ndikudziwa, ndine ndinalemba. Unafiira kale kawiri akazi awo ali m'chipatala. Pano anawaika m'manda, sadaka ya masiku makumi anayi sinachitike. Munthu ali pamaliro sitimufiiritsa."

"Koma manambala ake ndi omwewo."

"Manambala sindinawakhudzepo, mwana wanga, zaka zonsezi. Mtundu wokha."

Apa m'pamene ndinamvetsa. Mtundu wotuwa sunali ulesi. Unali wa munthu amene wagweredwa tsoka, ndipo aliyense pamsonkhano ankaudziwa, kupatula ine. Tsopano bambo Wiryo, amene anakhala ku Gresik zaka khumi ndi zisanu, akanafiira kachitatu pamaso pa anzawo, ndi dzanja langa.

Kuchotsa lamulolo sikukanatheka, bwana ankaliyembekezera. Kusintha nambala mayi Sulastri anakaniratu. Loweruka ndi Lamlungu chakudya sichinalowe. Mayi anga ankangoti mwina ndi malungo a kusintha kwa mphepo.

Lolemba ndinalawirira, n'kupeza mayi Sulastri afika kale, maso ali gwa pakompyuta.

"Makina akowa amamva lamulo limodzi lokha?" anafunsa.

"Amamva ambiri."

"Ndiye auze. Pamene ndalemba tsiku la sadaka, mzati utuwe mpaka tsikulo."

Anawerenga masikuwo pazala kawiri konse. Ine ndinalemba lamulo lachiwirilo, n'kuliika pamwamba pa loyamba kuti lizimveka msanga. Gresik anatuwa.

Pamsonkhano tchati chitaoneka pakhoma, bwana Handoko anachiyang'ana nthawi yaitali. Bambo Wiryo anali kumapeto kwa tebulo, atazyolika.

"Danang," bwana anandiitana, "unati makina ako sadziwa chibale. Nanga wotuwawu?"

Anayankha ndi mayi Sulastri.

"Ndi lamulo lachiwiri, bwana. La maliro."

"Analilemba ndani?"

"Mwanayu. Ine ndinangomuuza tsiku."

"Atsala masiku angati?"

"Khumi ndi limodzi."

Bwana anagogoda tebulo ndi cholembera, kamodzi, kawiri.

"Pitirizani," anatero.

Titabwerera pamalo pathu ndinkayembekezera kuti mayiwo amwetulira. Sanatero.

"Tsikulo likadutsa, chichitike n'chiyani?"

"Ufiira wokha, amayi, ngati maulendo ochedwa sanatsike."

"Ngakhale ine nditati dikira?"

"Ngakhale mutatero."

Mayi Sulastri anayang'ana mzatiwo. Kale akanatha kuwonjezera sabata imodzi mwakachetechete, wina osafunsa. Tsopano tsiku linali litalembedwa, ndipo bwana analimva.

Ananyamula foni n'kuimbira mkulu wa depoti ya ku Sidoarjo.

"Achimwene, muli ndi madalaivala angati ongokhala? Musandinamize, tchati chili pamaso panga. Ndikufuna awiri ndi lole imodzi ku Gresik, kuyambira mawa."

Kumbali inayo munthu anayamba kudandaula. Mayi Sulastri anatseka foniyo ndi dzanja n'kundiyang'ana.

"Iwe, werengera. Kuti ochedwawo atsike kufika pa khumi pa zana, afunika maulendo angati patsiku?"