Bwato la Malemu Likuwolera pa Dooko

Lachiwiri ndinapita ku dooko kukagula mlamba. Ndithokoze Mulungu, ndinaupeza. Koma zimene ndinaona kumeneko zandisowetsa tulo.

M'mphepete mwa bango muli bwato lomangidwa ndi tcheni. Ladzaza madzi, namasupuni wamera mkati. Pambali pake panali make Esinati, mnzanga wa kumvano, akupala nsomba za eni kuti ampatseko mitu.

Bwatolo linali la mwamuna wake, yemwe anatisiya chaka chatha. Maliro atangotha, a Zuze, akulu ake a malemu, anabwera kudzatenga nkhafi ndi maukonde.

"Alamu, mtengo wosemera bwatoli unachoka m'munda wa bambo athu. Inu munabwera ndi chiyani pano?"

Make Esinati anakasuma ku boma ku Chikwawa. Akhoti anati bwato lisakhudzidwe mpaka mlandu uthe. Mlanduwo ukungosunthidwa: lero a Zuze adwala, mawa mboni yasowa thiransipoti. Nyengo ya nsomba yadutsa, ana atatu akugonera mitu ya mlamba.

Ndinamufunsa make Esinati kuti, "Kodi malemu sanasiye mawu?"

Anaika mpeni pansi.

"Amayi, anayesa. Tili m'chipatala anati, itanani abusa alembe kuti bwato ndi la ana. Ine ndinawagwira pakamwa. Ndinati musaitane imfa, Yesu akuchiritsani."

Abale anga owerenga, ndani wa ife sakanachita chimodzimodzi? Kuno munthu akati alembe wilo timamuyesa wotaya chikhulupiriro. Mkazi akaikumbutsa nkhaniyo, achibale amati akufuna kupha mwamuna. Ndiye timangoti zii, n'kuyamba nyimbo.

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, malamulo sindiwadziwa. Koma ndabereka, ndipo ndikudziwa kuti kupemphera sikuletsa munthu kukonza za ana ake. Timakwezera chimanga pamwamba madzi asanasefukire. Kodi pamenepo timakhala tikuitana chigumula?

A Zuze ndimawapemphereranso, nawonso ali ndi ana. Koma akadzapambana adzatenga chiyani? Pansi pa bwatolo pafewa kale. Ndinakanikiza ndi chala, chinalowa.

Pobwerera ndinagawa mlamba wanga pakati. Make Esinati analandira ndi manja awiri, maso ali pa tcheni paja.

Inu bambo muli ndi bwato, dimba kapena njinga, lankhulani mukadali ndi mphamvu zopalasa. Ndipo ife amayi, akayamba kulankhula, tichotse dzanja pakamwa pawo.